Masese a Nkhono, Kapu ya Malemu

Lolemba

Atsala masiku asanu. Loweruka tikuvundukula chiliza cha bambo a Tadala, amuna anga, amene anatisiya chaka chatha. Simenti inachedwa, n'chifukwa chake mwambowu wafika mpaka mvula yoyamba. Palibe kanthu. Zanga zili m'malo.

Zimene ndinalonjeza ndi pakamwa panga, akuchimuna onse akumva:

1. Nkhata ya maluwa amoyo a m'dimba langa, osati apulasitiki ogula ku boma.
2. Saladi wa alendo amene Tadala abwere nawo kuchokera ku Blantyre. Anthu a m'tauni sadya mpunga popanda masamba aawisi pambali.

Ndinalonjezeranji? Chifukwa cha alamu anga a Esinati a ku Kanduku, achemwali awo a malemu. Tsiku la maliro, anthu ali chete, iwo akuti, "Achimwene anga afa ndi ludzu m'nyumba mwawo momwe." Ludzu! Chifukwa choti zaka makumi atatu sindinalole ngakhale dontho la mowa kulowa pakhomo pano. Inde, sindinalole. Ankakamwera kwa mnzawo a Zuze, n'kubwera atatafuna masamba a manachesi kuti ndisamve fungo. Ndiye kuti sindinkawakonda? Mawu amenewo akundiwawa mpaka lero. Loweruka a Esinati aone okha.

Kadimba ka kuseri kwa nyumba kali motere:

Letesi, mitu makumi atatu, pansi pa mthunzi wa udzu.
Mpungabwi, mzere umodzi.
Akakombo oyera, mitu isanu ndi umodzi, yatsala pang'ono kumasula.

Akakombowa ali ndi mbiri. Malemu anabwera nawo kuchokera ku Zobue, tsiku lina atakhuta bwino, akuti agula anyezi wamkulu wa Chipwitikizi. Anyezi wosanunkha! Ndinawalalatira, iwo anangowakwirira kuseri. Zaka zisanu ndi zitatu masamba okhaokha, duwa ngakhale limodzi ayi. Chaka chino, mwini wake atapita, ndi pamene atulutsa mitu. Sindikuganizirapo kanthu. Ndi mvula basi.

Vuto ndi limodzi: nkhono. Letesi awiri adyedwa kale, masamba ali mabowo okhaokha.

Mwayi wake ndili ndi malangizo. Pepala limene anandikulungira usipa ku msika wa Thambani ndi la za m'dimba, la m'Chingerezi. Ndavala magalasi, ndawerenga kawiri. Likuti:

Zomera zonunkhira zikayamba maluwa, muzitsina maluwawo kuti masamba achuluke.
Nkhono siziwoloka phulusa kapena makoko a mazira.
Zikakanika, kwirirani zitini pansi, muthiremo mowa. Zimagweramo n'kufa.

Za akakombo pali mutu wa nkhani wokha. Kunsi kwake kunang'ambika.

Mpungabwi ndatsina wonse, zala zikununkhira. Phulusa ndazunguliza dimba lonse, makoko a mazira pamwamba pake. Zachitatuzo aiwale. Mowa pakhomo panga? Asa!

Lachiwiri

Mvula yagwa m'bandakucha. Ndinaipempherera ndekha, ndiye ndidandaule kwa yani? Walira mvula walira matope. Phulusa lonse lakokoloka. Makoko a mazira nkhuku zadya.

Nkhono, abale! Zina zazikulu ngati chibakera changa. Ndatola ndowa yosakwana theka, ndakataya kutsidya kwa msewu. Letesi watsala makumi awiri ndi mmodzi.

Pali ina yaikulu koposa zonse, ndaipeza itakwera pa tsinde la kakombo, osadya, ingokhala. Ndikuiyang'ana, nayo yatulutsa nyanga zake kundiyang'ana. Ndaipaka dontho la penti yoyera pamsana, yotsala ya chiliza, kuti ndione ngati zotayidwazi zimabwerera. Ndaiponya kutali, kuseri kwa chulu.

Masana ndakhala pakhonde ndi pepala lija. Ndawerenganso lachitatulo. Ndalipinda. Ndalitsegulanso.

Chabwino. Ndi mankhwala a tizilombo, si mowa.

Ndafunda chitenje kumutu, chigubu cha mafuta ophikira m'manja, ulendo kwa mayi wofulula masese kutsidya kwa mtsinje. Amuna onse pabwalo aleka kulankhula. Wina mpaka wabisa chipanda kumbuyo, ngati ndine mkazi wake. Ndikuti, "Ndi za nkhono." Mayi uja akuthira, osandiyang'ana n'komwe: "Ee mayi, tonse poyamba timatero."

Mwano!

Pobwerera, ndani wina pa njira? A Nachisale, oyandikana nawo nyumba, amene timakhala benchi limodzi ku tchalitchi. Mphuno zawo zafika pa chigubu moni asanathe. "Mafuta a masiku ano akununkha mwachilendo," akutero. Ndadutsa.

Zitini zopanda kanthu ndapeza zinayi zokha, koma mabedi ndi asanu. Pa bedi la akakombo ndakwirirapo kapu ya malemu, yachitsulo yobenthuka m'mphepete, imene ankamwera tiyi. Ingokhala pa shelefu chaka chonse, igwireko ntchito.

Dzuwa likulowa, ndagwada, ndikuthira masese mmodzimmodzi, uku ndikuwerenga letesi chapansipansi. Phulusa latsopano ndazungulizanso. Mpanda wa udzu wachita phokoso. Ndatembenuka, ndangoona diso limodzi ndi nsonga ya duku.

Lachitatu

Malangizo ndi oona! Zitini zinayi zadzaza nkhono zakufa. Zafa zikusangalala.

Koma kapu.

Ndilembe bwinobwino, mwina ndikawerenga mawa ndidzaseka. Kapu ya malemu ilibe nkhono ngakhale imodzi. Ilibenso mowa. Yazulidwa pamene ndinaikwirira, yavundikiridwa chadodolido pa mwala wa pambali.

Bambo a Tadala akatha tiyi ankavundikira kapu choncho. Zaka makumi atatu ndikuwauza kuti amadetsa nsalu ya patebulo.

Ndiye akakombo atsala asanu. Mutu umodzi wadulidwa, osati kudyedwa, kudulidwa bwinobwino ngati ndi mpeni.

Amene angachite zimenezi:

Mbuzi. (Mbuzi sivundikira kapu.)
Mphepo. (Mphepo siimwa.)
A Nachisale. (Samwa. Koma ndani akudziwa za m'mimba mwa mnzake?)

Mapazi palibe. Mvula yawazanso pang'ono, dothi lili see.

Nkhono ya dontho loyera yabwerera. Ili pa mwala womwewo, pafupi ndi kapu. Kuchokera kuseri kwa chulu mpaka pano! Ndaiponyanso, ulendo uno mu mtsinje, ndi dzanja langa lamanja.

Mpungabwi umene ndinatsina Lolemba watulutsa maluwa ena, ochuluka kuposa oyamba. Pamene ndinatsina limodzi patuluka awiri. Pepala silinanene zimenezi.

Tadala waimba foni. "Amayi, anzanga a ku ofesi ndawauza za saladi wanu, akudikira." Ndikuti zonse zili bwino, mwanawe. Za kapu sindinamuuze. Anganene kuti ndiyambe kumwa mapiritsi.

Letesi khumi ndi asanu ndi awiri. Akadali okwanira.

Madzulo ndathiranso masese, zitini ndi kapu yomwe. Ndikufuna ndione. Kapuyo ndaikwirira mozama, ndaikanikiza ndi chidendene.

Lachinayi

Yavundikiridwanso. Pa mwala womwe uja. Youma.

Akakombo anayi.

Ndakhala pansi m'matope, ine mayi wamkulu. Kunja kwacha bwinobwino, atambala akulira, ana a sukulu akudutsa ndi matumba awo, koma ine maso ali pa kapu. Mizere yonyezimira ya nkhono lero ndaitsatira. Yonse yatulukira pa kabowo ka mpanda, n'kulowera njira ya kumunsi. Njira imeneyo ipita malo awiri okha: ku chigayo chakufa chija, ndi ku manda.

Ya dontho loyera ili pa tsinde la kakombo. Sindinaikhudze. Ndaipatsa moni, kenaka ndadzimvera chisoni.

Ku mjigo nkhani yafika kale ine ndisanafike. Andisiyira mzere kuti nditunge poyamba, zimene sizinachitikepo chibadwire. Zimene a Nachisale afalitsa, monga ndazimvera kwa mayi wogulitsa tomato:

Akuti ndamanga kachisi kuseri kwa nyumba.
Akuti ndimazunguliza phulusa kutsirika malo.
Akuti ndimagwada dzuwa likulowa, kuthira nsembe ya mowa kwa malemu m'kapu yawo, uku ndikunong'ona nawo.
Akuti malemuwo amabwera kudzamwa.

Zitatu zoyambazo ndi mabodza a munthu wosowa chochita. Chachinayicho sindikudziwa amene anawauza, chifukwa ine sindinauze munthu.

Pobwerera, mayi wina wamasiye wa kumtunda wanditsatira mpaka pa mtengo wa mango. Akunong'ona: "Anu amayankha msanga chonchi? Anga ndathira kawiri konse, sabwera. Kapena ndi kapu?" Ndamuuza kuti ndi za nkhono. Wagwedeza mutu mwaulemu ngati ndamubisira mankhwala.

Masana kwabwera mkulu wa mpingo, jekete ndi Baibulo, dzuwa lonseli. Mpando wakana. Waima pa khomo la dimba, akuyang'ana phulusa, makoko a mazira, maluwa oyera, kapu pa mwala. Ine ndayang'ananso ndi maso ake. Kunena zoona, ndikanakhala ine mkulu wa mpingo, ndikanadziitanitsa ku bwalo.

"Mayi, za mizimu tinazisiya kalekale," akutero.

Ndathamangira pepala lija. Lili ndi mafuta a usipa, zilembo zina zafufutika, chooneka bwino ndi chithunzi cha nkhono pafupi ndi kapu. Walitembenuza uku ndi uku. "Ndiye anachita kukulemberani ndondomeko yake?" Walibweza atagwira ndi zala ziwiri. Akuti Lamulungu tikaweruka ndikaonekere kwa akulu.

Ine! Amene ndinaumirira kuti pa ukwati wa Tadala pasakhale ngakhale thobwa logona!

Basi. Lero sindithira. Masese otsala ali m'chigubu, ndachibisa kuseri kwa nkhokwe. Zitini ndazula. Kapu ndaitsuka ndi sopo, ndaisiya pa thandala kuti iume.

Lachisanu

Mayo ine!

Letesi yense wapita. Yense! Kwatsala zitsa zokhazokha, zonyezimira. Ndawerenga kawiri ngati kuwerengako kumeretsa. Nkhono zili paliponse, pa mpanda, pa keni yothirira, ina m'nsapato yanga ya m'dimba. Saladi wa anthu a ku Blantyre ali m'mimba mwa tizilombo.

Akakombo anayi aja alipo, osakhudzidwa. Zikomo Ambuye.

Koma kapu pa thandala palibe. Ndaifuna pansi, ndaifuna m'khitchini, ndakalipira nkhuku. Ndaipeza pakhonde, pambali pa mpando wa ndalema wa malemu. Yosavundikira. Yaima chilili, kukamwa kuli m'mwamba, ngati mmene ankaiikira akafuna ndiwaonjezere tiyi koma akuopa kupempha.

Kenaka ndalankhula, mokweza, ine ndekha pakhonde dzuwa likuswa mtengo: "Ngati ndinu, bwanji osathamangitsa nkhono? Ntchito kumwa basi, mpaka liti?" Palibe yankho. Moyo wawo wonse analinso choncho.

Ndalira pang'ono. Ndawasowa, bambo aja. Ndawasowa ndi fungo lawo la masamba a manachesi lomwe.

Zochita lero:

Kugula kabichi ku Thambani. Ndimudula mopyapyala, a ku Blantyre asiyanitse okha.
Kusita yunifomu ya amayi a mpingo. Ayi, diresi wamba. Yunifomu idikire mlandu.
Kuteteza akakombo anayi, zivute zitani.

A Zuze sindinawaone sabata yonse, koma ndikudziwa ali ku manda. Iwo ndi mdzukulu, ndiwonso akumanga chiliza, ndiye ndi okhawo ali ndi chilolezo cholowa kumeneko. Wina aliyense atalowa yekha, ndi mlandu wa mbuzi. Ndatumiza uthenga kwa akazi awo wofunsa ngati penti yauma. Yankho: yauma Lachinayi masana, koma bambowo agona, malungo awagwira.

Tadala wafika madzulo pa pikapu ndi anzake awiri a nsapato zosongoka. Wayang'ana m'dimba, wayang'ana ine. "Amayi, bwanji osangogula apulasitiki? Sitinachedwe." Ndamuuza kuti amene anamubereka ndine.

A Esinati afikanso, agona kwa achibale kumunsi. Moni atumiza wa pakamwa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga wanditsata kuchokera chaka chatha.

Tsono ndaganiza motere. Popanda mowa nkhono zimalusa. Letesi watha, chotsatira ndi akakombo. Ndi mowa, umasowa mutu umodzi wokha pa tsiku. Anayi kuchotsa mmodzi, atatu. Nkhata ya atatu ndi nkhata ndithu.

Alendo ali kosamba, ndatenga chigubu. Zitini zinayi, ndi kapu. M'kapumo ndadzaza mpaka m'milomo. Mpanda wachitanso phokoso. Ndati, "Onetsetsani bwino, a Nachisale, mukanene zokwanira."

Loweruka

Kwacha. Ndathamangira kuseri ndisanasukusule.

Kapu yavundikiridwa. Akakombo palibe. Onse anayi, kudulidwa pansi penipeni.

Chotsala m'dimba lonse ndi mpungabwi, wamasula mbee, njuchi zili ng'ung'ung'u. Umene ndakhala ndikulimbana nawo sabata yonse ndi wokhawo wandikhalira. Ndathyola wonse, ndapinda kanthambi ka bulugamu, ndamanga ndi luzi. Nkhata yothamangitsira udzudzu. Mnzake wa Tadala akuti, "Ndi yachilengedwe, mami, ndi yokongola." Mwana waulemu, koma wabodza.

Ulendo wa ku manda. Nyimbo. Ine pambuyo, nkhata yanga ndaibisa m'chitenje. A Esinati kutsogolo, atanyamula yawo yapulasitiki yofiira, yaikulu ngati tayala la njinga. Ndikudziwa kale mawu amene anene.

Tafika. Adzukulu achotsa nsalu pa chiliza. Nyimbo yadukira pakati.

Kumutu kwa chiliza, mu mchenga wonyowa wotsala pomanga, akakombo asanu ndi mmodzi azikidwa mu mzere. Onse amasula. Oyera mbee, akuluakulu, fungo lake lafika mpaka kwa ife akumbuyo. Zaka zisanu ndi zitatu sindinaonepo duwa lake, ndikulionera kuno.

Pa dzina la malemu, pa chilembo choyamba penipeni, pali nkhono ya dontho loyera.

Tadala wandigwira.

A Esinati atembenuka, akubwera kwa ine, anthu akupatuka. Ndatseka maso. Ndangomva manja m'khosi. Akulira! "Alamu, ndamva zonse ku mjigo. Mwawapatsa achimwene anga chakumwa m'kapu yawo, pakhomo pawo. Ludzu lija latha. Ndinakulakwirani." Ndatsegula pakamwa kuti ndinene za nkhono. Ndatsekanso. Nkhata yanga ya mpungabwi aitenga okha m'chitenje, aiika pakati, yawo yapulasitiki aikankhira kumiyendo.

Mkulu wa mpingo waona zonse. Walemba kanthu m'kabuku.

Pa chakudya, kabichi wapita yense. Palibe wafunsa za letesi.

A Zuze abwera mochedwa, atafunda bulangete, akazi awo atawagwira mkono. Andikokera pambali pa nkhokwe, maso pansi. "Alamu, ndikhululukireni. Ndimadutsa kuseri kwanu m'mawa popita ku ntchito. Ndinamva fungo, ndinaona kapu ya mnzanga, mtima sunapirire. Ndinamwa Lachitatu ndi Lachinayi. Duwa ndimatengera iye, kuti naye alaweko kanthu."

Ha! Ndatsala pang'ono kuwamenya ndi chikombe chifukwa cha chisangalalo. Nkhono ija iyenera kuti inakwera pa tsinde la duwa. Zonse zamveka.

Ndikuti, nanga anayi a lerowa munadula bwanji ndi malungo amenewa?

Andiyang'ana. "Anayi ati? Ine chigonere Lachinayi masana, ndadzuka lero. Funsani mayiwa." Akazi awo avomera, akuti ngakhale kuchimbudzi amachita kuwagwira.

Ndikuti, nanga kuvundikira kapu pa mwala?

"Ine ndikamwa ndimangoibwezera m'dzenje mwake, kuti musadziwe."



Lamulungu

Mlandu sunatenge nthawi. Pepala la usipa silinaloledwe ngati mboni. A Nachisale afotokoza zonse, mpaka mawu anga a Lachisanu, osaphonya ngakhale limodzi. Miyezi itatu osadya mgonero, yunifomu ikhale m'sutikesi. Andifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndati nkhono siziwoloka phulusa pokhapokha mvula ikagwa. Sanalembe.

Tadala ndi anzake apita. A Esinati apita, andisiyira nkhuku ndi lichero la mtedza. Zaka makumi atatu, aka n'koyamba.

Dimba lili motere:

Letesi, palibe.
Mpungabwi, zitsa.
Akakombo, masamba okhaokha, ngati kale.
Nkhono, zasowa zonse. Palibenso choti zidye.

Pepala lija ndakolezera moto. Zitini ndataya kudzala. Chigubu ndimati nditsuke, ndapeza mwatsala masese pang'ono, okwana kapu imodzi.

Nkhono palibe, ndiye palibe chifukwa. Ndikudziwa.

Dzuwa likulowa, ndatenga kapu yobenthuka ija, ndaiika pakhonde pambali pa mpando wa ndalema. Ndathira. Ndathyola masamba atatu a manachesi, ndaika pambali pake.

Ndawauza kuti ndi lero lokha, ndipo asadetse nsalu.